Chikomekome cha Mkuyu pa Vidiyo Sho

Makolo athu sanaonereko filimu, koma ndemanga ya mafilimu ambiri a masiku ano anaipereka kalekale, mumpweya umodzi wokha: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambiwu unkagwera mnyamata amene wafika kwa amalume ake akupuma mwabefu, akuti wapeza mbeta kuchigayo, pomwe chimene akudziwa cha mbetayo ndi kayendedwe kake basi. Amalume ankamusiya ayamikire mpaka malovu amuthere, kenako n'kumukumbutsa za nkhuyu: yofiira bwino, yosalala, koma ukaing'amba umapeza msonkhano uli m'kati. Masiku ano chikomekome chinasamuka mumtengo. Chinakwera ndege, chinaphunzira kompyuta, ndipo chimafika ku Kauma kudzera mu memory card.

Aliyense wodutsa pamsika wa Kauma amaidziwa vidiyo sho asanaione. Sipika imakhala panja, phokoso lake lofika mpaka kwa ogulitsa makala. Chisakasacho ndi cha matabwa ndi malata, pakhomo pali nsalu yakuda ndi bolodi yolembedwa ndi choko: mpira wa ku England madzulo, filimu m'mawa. M'kati muli mabenchi, thukuta, ndi mwini malo amene maso ake ali pa ana osuzumira pakabowo. Kungowoloka pang'ono muli ku Area 12 ndi Area 43, kumene bwana akuonera filimu yomweyo pa Netflix, atatsamira pasofa. Mlonda wake, amene kwawo ndi ku Kauma komweko, anaionera kale dzana, yomasuliridwa m'Chichewa, ndipo anaseka kuposa bwana.

Tiyambe ndi nkhuyu yonenepa kuposa zonse. Mu 2019 kunatuluka Avengers: Endgame, filimu ya maola atatu, ya nambala 22 pamndandanda wa mafilimu a Marvel. Kuipanga kunadya madola oposa 350 miliyoni, ndipo inabweretsa pafupifupi madola 2.8 biliyoni. Ndalama zimenezi mukati muzisinthe kukhala makwacha, kakyuleta wa pafoni amayamba kulemba zilembo m'malo mwa manambala. Kunja kwa nkhuyuyi n'kokongoladi: anthu akuuluka, nyundo ikuitana mphezi, chimunthu chobiriwira, gologolo wonyamula mfuti. Tsopano ing'ambeni. Gwero la mavuto onse ndi mkulu wina wofiirira, dzina lake Thanos, amene anaona kuti anthu achuluka ndipo chakudya sichikukwana. Anasonkhanitsa miyala isanu ndi umodzi yamphamvu zochita chilichonse, n'kuliza zala, theka la zamoyo zonse n'kusanduka fumbi.

Mayi wina wogulitsa tomato atamva zimenezi anafunsa funso limene anthu odya madola aja analilumpha: "Nanga bambo amenewo, poti miyalayo imatha chilichonse, bwanji sanangoliza zalazo kuti chimanga chichuluke?" Palibe anayankha. Nyerere zinali zitayamba kutuluka.

Kapena tengani Superman, uja kale ankavala kabudula wam'kati pamwamba pa thalauza. Mu Man of Steel, ya mu 2013, akumenyana ndi mdani wake Zod pakati pa mzinda wa Metropolis. Nyumba zosanjikizana zikugwa motsatizana, magalimoto akuuluka, fumbi lili koboo. Ndewu itatha, moyo ukupitirira ngati kunangodutsa kamvuluvulu. Kwa munthu wa ku Kauma, bodza lalikulu m'filimuyi si kuuluka ayi. Za anthu ouluka timazimva chiyambire ubwana. Bodza ndi lakuti mzinda wagwa koma palibe waika masamba pamsewu, palibe akuyenda ndi mbale yachipepeso, adzukulu sanaitanidwe, amfumu sanauzidwe. Kuno mbuzi ikangodya chimanga cha mnansi, mlandu umatenga Loweruka lathunthu pabwalo. Kumeneko munthu agwetsa theka la tauni, m'mawa mwake avala magalasi n'kupita kukayamba ntchito kunyuzipepala.

Patatha zaka zitatu anatibweretsera Batman v Superman. Zimphona ziwirizi zinadana filimu yonse, zinaswa makoma ndi masinki, mpaka Batman anaponda mnzakeyo pakhosi, mkondo uli m'manja. Chinaletsa imfa n'chiyani? Anazindikira kuti amayi awo onse dzina lawo ndi Martha. Basi, ndewu yatha, ubale wayamba. Abale anga, pamzere umodzi wa nyumba za lendi ku Kauma mukhoza kupeza a Marita atatu. Dzinali likanakhala mankhwala a ndewu, bwenzi apolisi akungosewera bawo.

Mafilimu oimba nawo ali ndi nkhuyu zawo. Ife tinakulira pa mafilimu a ku India, ndipo malamulo ake tinawaloweza. Mnyamata wosauka akangoona mtsikana, mvula imayamba kugwa popanda mtambo. Posakhalitsa awiriwo ali pamwamba pa mapiri a chipale ku Switzerland, atasintha zovala kasanu nyimbo isanathe, ndipo kuseri kwa mtengo kwatuluka anthu makumi asanu odziwa kale magule onse. Mnyamatayo ntchito alibe, koma pasipoti ndi majuzi ali nazo. Komabe amwenye tiwakhululukire, chifukwa nyimbo ikatha nkhani imakhalapo: bambo akukana ukwati, mayi akulira, ngongole yakula. Zimenezo ndi zathu zomwe.

Azungu ndiwo anafika pamapeto ndi Cats mu 2019. Anatenga akatswiri okhaokha, Judi Dench, Idris Elba ndi Taylor Swift, n'kuwameretsa ubweya ndi michira pakompyuta. Nkhani yake ndi yakuti amphaka akudzitchula maina mmodzimmodzi, aliyense ndi nyimbo yake, kufikira mmodzi atasankhidwa kukwera kumwamba. Filimu itayamba kale kuonetsedwa, eni ake anatumizanso ina yokonzedwa, ati ubweya sunakhale bwino. Anakonza ubweya, nkhani n'kuisiya momwemo.

Koma kuimba ndi kuvina pakokha si mlandu. Sarafina!, ya mu 1992, ili ndi magule oti munthu sungakhale pansi, ndipo Leleti Khumalo akamwetulira chisakasa chonse chimawala. Kuseri kwa magulewo kuli ana asukulu a ku Soweto olimbana ndi tsankho, kuli mphunzitsi amene watengedwa ndi apolisi, kuli mayi, Miriam Makeba, wolera ana a azungu pomwe ake akukula okha. Amayi ambiri a ku Kauma amene amalawirira m'mamawa kukachapa ndi kuphika kumayadi safunikira womasulira kuti amve gawo limenelo.

Nanga nkhuyu yabwino tingaidziwe bwanji tisanalume? Ku Kauma njira ilipo, ndipo ndi yaulere. Pagulu la ana asanu, ndalama yolowera imapezeka ya mmodzi. Iyeyo amalowa m'malo mwa onse, ndipo akatuluka amakhala ndi ngongole yofotokoza. Muwapeze atakhala pamulu wa njerwa. Ngati anaonera Commando, filimu ya Arnold Schwarzenegger ya mu 1985, nkhani imayenda mosadodoma: "Aise, anamubera mwana wake wamkazi. Ndiye anamukweza ndege kuti akaphe pulezidenti wina, koma iye anadumpha ndege ikunyamuka. Ndiye anali ndi maola ochepa kuti akapeze mwanayo ndegeyo isanatere." Anzake ali chete, kukamwa yasa. Mwini filimu safa, aliyense akudziwa, koma mtima ukugundabe chifukwa pali mwana wa munthu.

Mwana yemweyo muloweretseni zimphona makumi atatu za Marvel. Atuluka maso ali psuu, ndipo lipoti lake likhala lotere: "Ndiye kunabwera chinthu, phuu! Ndiye wina uja, dududu! Ndiye kunatseguka chibowo kumwamba."

"Nanga amamenyanirana chiyani?"

"Miyala."

"Miyala yake iti?"

"Aise, umafunika uonere wekha."

Filimu imene mwana wa ku Kauma walephera kuifotokoza, dziwani kuti munalibe chofotokoza. Mwana ameneyu amatha kufotokoza ndewu ya pampopi ya mphindi ziwiri kwa ola lathunthu, ndi mawu a aliyense. Martin Scorsese, katswiri wopanga mafilimu ku America, ananenapo mu 2019 kuti mafilimu a Marvel akufanana kwambiri ndi malo a zisangalalo okwerako makatungwe kusiyana ndi sinema yeniyeni, ndipo dziko linakangana miyezi. Ana a pamulu wa njerwa anali atagamula kale mlanduwo, popanda wowafunsa.

Apa ndi pamene pamalowera ngwazi yeniyeni ya vidiyo sho, imene ilibe chovala chowala: mnyamata womasulira mafilimu m'Chichewa. Iyeyu amagwira ntchito ya anthu khumi. Ndiye mwini filimu, ndiye chigawenga, ndiye mkazi wolira, ndiyenso wothirira ndemanga. Akaona kuti zimphona zangoima n'kumakambirana za sayansi yosamveka, iye amaikapo zake: uyu akuti ngongole yanga ibwere lero, uyo akuti dikirani mwezi uthe. Chakudya chilichonse cha patebulo chimasanduka nsima, mowa uliwonse kachasu, ndipo mkulu wa asilikali amapatsidwa dzina la kwa Kabudula. Anthu amaseka mpaka kugwa pabenchi, ndipo chimene akuseka sichinachokere ku Hollywood. Nkhuyu inafika yopanda kanthu, mnyamata wa kuno ndiye waikamo zam'kati.

Pamenepa mwambi uja ukufunika kuuwonjezera pang'ono, makolo atikhululukire. Akatswiri a zomera amati tizilombo tambiri topezeka m'nkhuyu ndi timavu ting'onoting'ono, ndipo ndi timene timanyamula mungu kuti mkuyu ubereke mbewu. Ndiye kuti nkhuyu ya tizilombo ndi yamoyo, yachokera mumtengo weniweni. Imene makolo sanaione ndi nkhuyu ya pulasitiki, yonyezimira chaka chonse, imene ngakhale nyerere zimangoinunkhiza n'kupitirira. Mafilimu ena oipa amakukwiyitsa, ndipo umakangana nawo njira yonse. A pulasitiki umawaiwala usanafike pachiwaya.

Tisanamizirenso kuti chokongola chilichonse n'chowola. Black Panther, ya mu 2018, inali ndi zovala zoti telala aliyense wa mumsika anaziyang'ana kawiri, ndipo mwa akuluakulu a ku Wakanda, dziko la m'filimumo, munali malemu Connie Chiume, amene bambo ake anali a ku Nkhata Bay. M'kati mwake munali funso lolemera: kodi wolemera adzitsekere kumpanda pomwe abale ake akuvutika kunja? Funso limeneli mlonda wa ku Area 43 amakhala nalo usiku uliwonse, tochi ili m'manja. Ndiponso zovala zoopsa ndi magule odabwitsa sitinaphunzire kwa azungu. Gule wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, amadzutsa fumbi kuposa Marvel, koma chilombo chilichonse chotuluka kudambwe chimabwera ndi mwambo wake, china chodzudzula ulesi, china chiwerewere, china kudzikuza. Zambiri sindinena, mbuzi yolipira ndilibe.

Komanso nkhuyu yokwinyika si ndiye kuti ndi yokoma. Mafilimu athu ena ali ndi matenda omwewo, kungoti ndalama ndi zochepa. Munthu wabwereka galimoto ya mlamu wake, ndiye tonse tiyenera kuiona ikutuluka pageti, ikukhota, ikuima, ikubwerera m'mbuyo, mphindi zisanu zathunthu, kenako n'kutiuza kuti tidikire gawo lachiwiri. Mavidiyo a nyimbo ndiye osanena: nyumba ya eni, tcheni cha eni, botolo lopanda kanthu, ndi mawu anayi obwerezedwa mpaka nyimbo kutha. Chonsecho dziko lino linasekapo misozi ndi Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, amene chuma chawo chonse papulatifomu chinali zovala zakutha ndi pakamwa. Sewero la Kapalepale pa wayilesi ya MBC linalibe ngakhale chithunzi, koma mabanja ankazungulira wayilesi ngati muli munthu. Shemu Joyah anapanga The Road to Sunrise, yonena za amayi oyendayenda a mu Blantyre, popanda kugwetsa nyumba ngakhale imodzi, ndipo inapata mphoto ku Nigeria mu 2018. The Boy Who Harnessed the Wind, ya mu 2019, chodabwitsa chake chachikulu ndi makina amphepo opangidwa ndi njinga ya bambo, ku Wimbe m'boma la Kasungu. Chichewa cha Chiwetel Ejiofor m'filimumo chinkafuna womasulira wakewake, ndipo tinachiseka mokwanira. Koma itafika pa njala, pamene banja la mnyamatayo, William Kamkwamba, layamba kudya kamodzi patsiku, kuseka kunatha, chifukwa aliyense amene analipo mu 2002 anaona nkhope ya kwawo.

Choncho malangizo anga kwa akuluakulu a ku Hollywood ndi otsika mtengo. Musanawononge madola 350 miliyoni, tumizani filimuyo ku Kauma, mulowetse mwana mmodzi, anzake anayi adikire panja. Akatuluka n'kuyamba ndi mawu akuti "panali munthu wina," pitirizani, muli ndi filimu. Akatuluka n'kuyamba ndi "phuu," bwererani mukalembenso. Malipiro a katswiriyu ndi mandasi awiri, ndipo musamupatsiretu, chifukwa amafotokoza bwino akakhala ndi njala.