Zitatu pa Khumi ndi za Mwini Msika

Malume anga anagulitsa matimati pamsika mpaka mawondo anawakana. Masiku ano amangokhala pakhonde ndi wailesi yawo, kudikira wodutsa woti amupanikize ndi mafunso. Loweruka lina ndine ndinagwa m'manja mwawo. Anandipeza ndikuseka ndekha, maso pafoni, kambale ka mtedza wokazinga kali pamwendo, ndipo anafuna kudziwa ngati mutu ukuyendabe bwino. Ndinawauza kuti ndikuwerenga za mkangano wa msonkho wa pamsika, kungoti msika wake ndi wa m'foni ndipo okanganawo ali ku America ndi ku Ulaya. Atangomva zoti msika, wailesi anaithimitsa.

Chiphaso

Ndinayambira patali. Mu Julaye 2008 kampani ya Apple inatsegula App Store, msika wa ma app a pa iPhone, uli ndi ma app pafupifupi 500. Lamulo lake linali lalifupi: wopanga app akagulitsa kanthu kogwiritsa ntchito m'foni momwemo, pa madola 10 aliwonse atatu ndi a Apple. Nayo Google pamsika wake wa mafoni a Android inaika 30 peresenti yomweyo. Yolowera pachipata ndi yapadera: madola 99 chaka chilichonse ku Apple, madola 25 kamodzi kokha ku Google.

"Taima kaye," anatero malume. "Ine ndinkadula chiphaso m'mawa, basi, za tsikulo zatha. Iwe ukuti wa msika amadulitsa chiphaso, kenako n'kukhala pambali pako kumawerenga matimati?"

"Eya malume. Pa khumi aliwonse amatolapo atatu."

"Owola omwe?"

"Ayi, ogulidwa okhaokha."

Anapukusa mutu. "Ameneyo si wa msika. Ndi nankafumbwe wovala tayi."

Chikamwini

Nkhani imakoma ikafika pa zolipira mwezi ndi mwezi, monga nyimbo, mafilimu ndi manyuzipepala a pafoni. Apa komishoni sidulidwa kamodzi. Mwezi uliwonse kasitomala akalipira, mwini msika amatapapo. Mu 2016 Apple inamva chisoni pang'ono: chaka choyamba cha kasitomala ndi 30 peresenti, akapirira n'kulowa chaka chachiwiri imatsika kufika pa 15. Google kuyambira Januwale 2022 inangoti pa zolipira mwezi ndi mwezi 15 yomweyo kuyambira tsiku loyamba.

Malume anati zimenezi akuzidziwa bwino, sizachilendo. "Ndi chikamwini chimenecho. Chaka choyamba umalima munda wonse wa apongozi. Chachiwiri amati mkamwini uyu ndi waulemu, alime theka. Koma tayesa kunena kuti ukufuna kukalima kwanu, uone."

Benchi la mwini msika

Spotify, kampani ya nyimbo ya ku Sweden, inkalipiritsa madola 9.99 pamwezi ku America. Pofuna kubweza ya komishoni, kwa olipira kudzera mu iPhone inakweza kufika pa 12.99. Mu 2015 Apple inatsegula yakeyake, Apple Music, pa 9.99. Ndipo Spotify sinkaloledwa kulemba mu app yake kuti abale, kuwebusayiti kwathu n'kotchipa.

"Ukuti mwini msika nayenso ali ndi benchi lake la matimati?"

"Ali nalo, malume."

"Iye chiphaso amalipira kwa ndani?"

"Kwa iye mwini."

"Nanga iwe ukauza kasitomala kuti kunyumba kwanga mulu ndi wotchipa?"

"Akutulutsani."

Spotify inakadandaula ku European Commission mu Malichi 2019. Chigamulo chinatuluka mu Malichi 2024: Apple ilipire chindapusa choposa mayuro 1.8 biliyoni kaamba kotseka pakamwa ogulitsa nyimbo. Apple inachita apilo. Malume anawerenga zala. "Zaka zisanu. Akanakhala wa matimati, chigamulo chikanapeza msuzi."

Zosakhudza ogula

Mu Ogasiti 2020, mliri wa Covid-19 uli pakati, Facebook inayambitsa njira yoti aphunzitsi a zophikaphika, a masewera olimbitsa thupi ndi ena otero azilipiritsa anthu oonera pa intaneti. Inapempha Apple kuti pa izi zokha isadulepo komishoni. Apple inakana. Facebook inati chabwino, tingolemba kamzere kamodzi kouza wogula kuti 30 peresenti ya ndalama yake ikupita ku Apple. Apple inakananso, n'kunena kuti uthengawo ndi wosafunikira kwa wogula. Patapita milungu ingapo inaimitsa kaye komishoniyo kwa kanthawi.

Apa ndinaseka kawiri. Koyamba ndinaseka zoti komwe ikupita ndalama ya munthu n'kosamukhudza mwini wake. Kachiwiri ndinaseka poona Facebook, imene imadziwa ngakhale tsiku lobadwa la azakhali anu, itasanduka mlaliki wa kuchita zinthu poyera. Paja anyani amasekana zikundu.

Wa madzi aulere

Mwezi womwewo wa Ogasiti 2020 kunachitika za WordPress. App yawo ya pa iPhone inali yaulere, yosagulitsa kanthu. Zolipira zinali kuwebusayiti kwawo. Apple inaimitsa kaye kuti asakonze kapena kuwonjezera chilichonse mu app mpaka atalonjeza kuikamo zogulitsa. Mkulu wa kampaniyo, Matt Mullenweg, atazinena poyera, anthu anakuwa, ndipo m'masiku ochepa Apple inabweza mawu n'kupepesa.

Malume anati zawakumbutsa mayi wina amene ankabwera ndi ndowa ya madzi pamsika kumamwetsa anthu ulere. "Tayerekeza wa msika akumuuza kuti, mayi, chifundo chanuchi chikutiphetsa njala, yambani kugulitsa kuti nafenso tidyepo."

Wobwera atamanga kale bandeji

Pa 13 Ogasiti 2020, kampani ya Epic Games, eni ake a gemu ya Fortnite, inabisa kachitseko mu gemu yawo: wofuna kugula ndalama za m'gemu alipire kwa iwo mwachindunji, mtengo wotsika ndi 20 peresenti. Tsiku lomwelo Apple inachotsa Fortnite pamsika. Google nayo inachotsa. Dzuwa lisanalowe, Epic inali itakasuma kale kukhoti, chikalata cha masamba oposa 60 chili cholembalemba, ndiponso kafilimu konyoza Apple kali kojambulajambula, kotengera malonda otchuka a Apple omwe a mu 1984.

"Chikalata cha masamba 60 tsiku limodzi?" anafunsa malume.

"Anali atakonzeratu."

"Ndamudziwa ameneyo. Ndi uja amapita kukaputa mlamu wake atamanga kale bandeji kumutu, kalata ya kwa amfumu ili m'thumba, mboni zili kuseri kwa nkhokwe."

Masamu a 27

Mlandu wa Epic ndi Apple unazengedwa ku Oakland, m'chigawo cha California, pamaso pa jaji Yvonne Gonzalez Rogers. Mu Sepitembala 2021 anagamula: pa mfundo khumi, zisanu ndi zinayi Apple yapambana. Epic inangotola imodzi, yoti Apple isiye kuletsa ogulitsa kulozera makasitomala kwina kokalipirira. Maapilo atatha mu Januwale 2024, Apple inati tamvera, ikani linki yanu. Koma kasitomala akadutsira pa linkiyo n'kukalipira kunja, ifeyo titengapo 27 peresenti.

Tsono wolandira ndalama ya pakhadi kunjako nayenso amadya pafupifupi 3 peresenti. Malume sanapite patali ndi sukulu, koma masamu a ndalama sawaphonya. Anatola timitedza m'mbale mwanga, n'kuika 27 apa, titatu apo, n'kusonkhanitsa.

"Makumi atatu," anatero. "Ndiye akutsegulira chipata, koma chingwe chili m'khosi."

Jaji nayenso anawerenga chimodzimodzi. Pa 30 Epulo 2025 anagamula kuti Apple inanyozera dala lamulo la khoti. Mu Meyi chaka chomwecho Fortnite inabwerera pa App Store ya ku America, patatha zaka pafupifupi zisanu. Ana amene ankaisewera itachotsedwa anali atamera ndevu.

Ankhoswe a ku Netherlands

Ku Netherlands mkangano unabuka pa ma app ofunira mbeta ndi mabwenzi. Bungwe loona za mpikisano pa malonda kumeneko linalamula Apple kuti ilole ma app amenewa kulandira ndalama kudzera njira zina. Poona kuti zikuchedwa, kumayambiriro kwa 2022 linayamba kulipiritsa chindapusa cha mayuro 5 miliyoni sabata iliyonse. Sabata yoyamba inatha, yachiwiri, yachitatu, mpaka khumi, ndalama n'kukwana 50 miliyoni. Pomwe Apple inalola njira zinazo, komishoni yake inali 27 peresenti. Ku South Korea, komwe aphungu anakhazikitsa lamulo lofanana mu 2021, inali 26.

Malume anachita chidwi ndi mbali ya chikondiyo. "Nkhoswe timaidziwa, imadya nkhuku tsiku la chinkhoswe n'kumapita. Koma iyi yofuna ntchafu mwezi uliwonse banja lisanayambe n'komwe, ukwati wake umalimba?"

Sitolo yosagulitsa

Komishoni ija imagwira zinthu za m'foni zokha. Mukaitanitsa buku lapepala kudzera mu app ya Amazon, Apple sitengapo kanthu. Mukakwera galimoto ya Uber, sitengapo kanthu. Koma buku lomwelo likakhala loti muwerengere pafoni, zitatu pa khumi. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri app ya Kindle pa iPhone inali sitolo ya mabuku momwe simungagule buku. Netflix nayo kumapeto kwa 2018 inasiya kulembetsa makasitomala atsopano kudzera ku Apple. Munthu ankatsegula app, n'kupeza pongolowera okhala kale ndi akaunti, osauzidwa kuti akauntiyo akaitenge kuti.

"Ngati wa chigayo wokuuza kuti pano sitigaya, komwe timagaya sindingakuuze, koma ukabwera ndi ufa ndikuthandiza kusenza," anatero malume.

Malume asintha mbali

Ndinkayesa kuti malume ndawakopa, koma mwadzidzidzi anatembenuka. "Komatu iwe usanyoze wa msika. Unayamba wagulitsapo pamsewu, mvula ikugwa, akuba ali pamsana? Mpanda, mlonda, wosesa, chimbudzi, zonsezo n'zaulere?"

Ndinavomera kuti Apple nayo imanena zomwezo. Imati ndiyo inamanga msikawo, imaunika app iliyonse isanalowe, imapereka zipangizo zopangira ma app, ndipo imabweretsa ogula oposa biliyoni okhala ndi iPhone m'manja. Ma app ambiri ndi aulere ndipo salipira komishoni. Kuyambira Januwale 2021, wopanga ma app amene sapyola madola 1 miliyoni pachaka amadulidwa 15 peresenti. Komanso Sony, Nintendo ndi Xbox ya Microsoft amadya 30 yomweyo pa magemu, ndipo Epic kumeneko imalipira osakasuma, ngakhale pamsika wakewake imadula zosapitirira 12.

"Waona? Mlonda ayenera kudya," anatero malume mokondwa. Kenako anakhala chete pang'ono. "Nanga ukaona kuti chiphaso chakwera, msika wina uli kuti?"

"Pa iPhone m'mayiko ambiri palibe, malume. Ku Ulaya ndi kumene lamulo linayamba kuwakakamiza mu 2024 kulola misika ina, kwinaku zikungoyamba kumene."

"Aaa. Ndiye amene amanena kuti chiphasocho n'choyenera ndi ndani?"

"Mwini msika."

"Amene amaletsa kutchula mtengo wa kwina?"

"Mwini msika."

"Wa benchi la pakhomo penipeni?"

Sindinayankhe. Iwo anayankha okha: "Adye, inde. Koma wodya yekha amene amadzipimira, ndipo poto ali m'manja mwake, sitinganene kuti wapima bwino."

Wotseka apambana, wotsegula agwa

Chodabwitsa china ndi ichi. Google imalola misika ina pa Android, koma ndiyo inagwa pamlandu wina umene Epic inaisumira. Mu Disembala 2023 gulu la anthu wamba oweruza ku San Francisco linapeza kuti Google Play ikupondereza mpikisano mosemphana ndi lamulo. Umboni unaonetsa kuti Google inkapangana zamseri ndi makampani akuluakulu kuti asachoke. M'khoti momwemo munaululikanso kuti Spotify, mnzathu wolira uja, inali ndi mgwirizano wapadera: kasitomala akalipira kudzera njira ya Spotify, Google sitengapo kanthu, akalipira kudzera ku Google imatenga 4 peresenti yokha.

Malume anaseka mpaka kutsokomola. "Pamsika paliponse alipo wotero. Pamsonkhano wa mavenda ndiye amakuwa kwambiri, madzulo umamupeza akumwa tiyi kwa wodulitsa ziphaso."

Wolipira weniweni

Dzuwa litapendeka ndinawafunsa kuti pa zaka zonse zija, chiphaso chikakwera ankatani. Ndinawauza kuti makampani ena, monga YouTube, amangoika mtengo wokwera kwa olipira kudzera mu iPhone, wotsika kwa olipira pawebusayiti.

"Ine sindinkakweza mtengo," anatero malume. "Ndinkangochotsa limodzi pamulu. Wa asanu uja n'kukhala wa anayi, ndikuunjika mochenjera kuti uoneke wautali."

"Ndiye chiphaso ankalipira ndani?"

"Mayi ako. Ankagula kwa ine tsiku lililonse, n'kumandiyamika kuti achimwene sakweza."

Anayatsa wailesi. Nditatenga kambale kanga kuti ndizipita, anandigwira dzanja, n'kuyamba kuwerenga mtedza wotsalawo khumikhumi, atatu pa khumi aliwonse akuponya m'thumba la malaya.

"Malume, mtedzawu ndagula ndekha."

"Wadyera pati?" anafunsa. "Khondeli ndi langa."