Kuyenda Awiri Si Mantha, Koma Sipanala Ali ndi Ndani?

Makolo athu ponena kuti kuyenda awiri si mantha ankaganiza za njira ya m'thengo, ya afisi ndi mitsinje yosefukira. Sankadziwa kuti kudzabadwa zidzukulu zovala majekete achikopa mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, zomakwera njinga zamoto Loweruka m'mawa n'kumati zikukaona nyanja. Komatu mwambiwo sunakalambe. Wangopeza pokhala kumbuyo kwa mthuthuthu.

Funsani aliyense wa anyamata amenewa chifukwa chake sayenda yekha. Akuyankhani akudziguguda pachifuwa: "Ndi chikondi chabe, achimwene, ife mantha ayi." Zoona zake zimaoneka tayala likaphwa. Wina ndiye amanyamula sipanala, wina pampu, wina zigamba ndi guluu, wina kachigubu ka petulo komwe amakasamala kuposa foni yake. Ndiye pamakhala mmodzi wosanyamula kanthu koma nkhani zokhazokha. Ameneyo sasiyidwa, chifukwa chubu chimamatika msanga pakakhala wabodza wokusekesani pambali.

Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Dedza ndi makilomita pafupifupi 85 pa msewu wa M1, ndipo kumeneko n'komwe majekete aja amapeza ntchito, poti mphepo ya m'munsi mwa phiri la Dedza siona nkhope. Amaima pachiwaya, mbale ya tchipisi imodzi manja asanu, wolipira n'kukhala yemwe wachedwa kuvula magolovesi. Akakhotera kumanzere pa Masasa, nthabwala zimatha. Msewu wa Khwekhwelere umatsetsereka mokhotakhota mpaka ku Golomoti, ndipo pamenepo ngakhale wabodza uja amakumbukira kuti anabatizidwa.

Apa m'pamene gulu limaonetsa phindu lake. Wakutsogolo akaona dzenje amaloza ndi phazi, wachiwiri naye amaloza, mpaka womaliza, yemwe amalowamobe koma akudziwa. Mbuzi ikaima pakati pa msewu ngati inalipira msonkho, dzanja limakwezedwa ndipo onse amachepetsa liwiro. Akafika kuchigwa amawerengana mitu. Pakasowa mmodzi palibe wopitirira, ngakhale wosowayo akhale yemwe sanabwezebe ngongole ya chaka chatha. Mwina n'chifukwa chake amam'dikira.

Koma mwambiwu umafika pachimake pamene wachiwiriyo ndi mayi akunyumba. Mafakitale a Lifan ndi Bajaj anayesetsa kuika mabuleki abwino, koma sanapangepo buleki yoposa chala chotsina m'nthiti. Muvi wa liwiro ukangokwera pang'ono, mawu amatulukira m'khutu momwemo: "Bambo a mwana, kodi mukuthamangira maliro a ndani?" Bambo uja, yemwe pagulu amatchedwa mkango, amabweza giya mwakachetechete n'kuuza anzake kuti akumvetsera kulira kwa injini.

Tisawaseke kwambiri. Mayi wokhala kumbuyo saona njira, amangoona msana wa mwamuna wake, koma amakwerabe. Ndipo wokwera njinga aliyense amadziwa lamulo la pokhota: onse awiri apendekere mbali imodzi. Wina akaumirira kuwongoka kuti aonetse kuti naye ali ndi maganizo ake, onse akakambirana bwino m'ngalande. Ukwati wokhalitsa umayendanso chomwecho, ndipo ankhoswe akanamaphunzitsa zimenezi pa Khwekhwelere, milandu ya m'mabanja bwenzi itachepa. Agogo athu anazidziwa kale pa njinga yakapalasa ya Humber, agogo aakazi atakhala cham'mbali pakaliyala, mtanga pamutu, akulangiza njira yomwe agogo aamuna anabadwira.

Alipo ena oyenda nawo ulendowu osakwera. Amayi okubala, omwe chigulireni njinga sanagonepo tulo tabwino, amaimba foni pa ola lililonse. Mwana amatumiza uthenga pa WhatsApp wofunsa ngati mwafika, kenaka wachiwiri wofunsa zomwe mum'bweretsere. Nkhawa yawo si yopanda pake. Madokotala a mafupa ku Kamuzu Central ndi ku Queen Elizabeth akhala akudandaula za kuchuluka kwa ovulala pa ngozi za njinga zamoto. Choncho helemeti ikhale pamutu, osati pachigongono, ndipo wakumbuyo akhale ndi yakeyake. Mantha ochepa ndi ofunika, bola kugawana kuti asalemere munthu mmodzi.

Akafika ku Monkey Bay, kwawo kwa sitima ya Ilala yomwe yakhala ikuyenda panyanjapo kuyambira 1951, amajambulitsa miyendo ikunjenjemera. Mayi amayang'ana doko n'kuuza mwamuna wake kuti, "Ngati iyo ikupirirabe, nanenso ndikupirirani." Kwa anthu amene alera limodzi ana anayi ndi ngongole zisanu ndi ziwiri, amenewo ndi mawu achikondi okwanira.

Tsoka lili kwa amene anasiya banja kunyumba n'kubwerako wopanda chambo, ngakhale kamulu ka usipa. Anzake aja, amene anam'dikira pa Golomoti n'kumukokera njinga pachitunda, amam'perekeza mpaka pageti. Mayi akangotsegula chitseko n'kuyang'ana m'manja mwake, onse amaliza mahutala, kutembenuza njinga, ulendo. Za usipa aliyense amayankha yekha.