Fodya wa pashelefu ngwamphepo

Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Amene anayamba kunena mawu amenewa ayenera kuti anali atapsa mtima. Anali atatsina fodya wake bwinobwino, wopera yekha, chala chili pa ulendo wa kumphuno, kamphepo ka mu Ogasiti n'kungodutsa. Kuchoka pachala kufika pamphuno si mtunda woti munthu n'kukwerera kabaza, koma makolo anaona kuti ngakhale pamenepo ukhoza kusaukirapo. Nanga akanaona mtunda wochoka ku Bangwe kukafika pashelefu ya sitolo ya mu Limbe, akanati chiyani?

Onunkhiza fodya masiku ano achepa, koma oika chuma pachala ndiye achuluka. Ndikunena anzathu a mabizinesi ang'onoang'ono, opanga chiponde, tsabola wa kambuzi, ufa wa malambe, sopo wamadzi ndi uchi wa m'mabotolo, amene amakaikiza katundu wawo m'sitolo za ena kuti adzalandire ndalama katunduyo akagulidwa. Mwini sitolo satulutsa ngakhale tambala. Amangokupatsa malo. Katundu akayenda amachotsapo gawo lake n'kukupatsa zotsala, akapanda kuyenda umabwera kudzasenza zinthu zako. Pakamwa zimamveka zachilungamo, ndipo tsiku logwirizana aliyense amaseka.

Tiyerekeze mayi wa chiponde. Mtedza wake wachokera ku Mchinji, ndipo mlimi wa ku Mchinji sadziwa zoti "ndikagulitsa ndikupatsani". Amafuna ndalama thumba lisanakwere galimoto. Mayiyu wakhala pamphasa kusankha mtedza umodziumodzi, kutaya wa chuku, chifukwa a Malawi Bureau of Standards akayeza n'kupeza poizoni wa chukuyo, chiphaso palibe. Wa makala okazingira walandira zake. Wa chigayo walandira zake makina asanalire. Wa mabotolo, wosindikiza zomata, mnyamata wa kabaza amene wanyamula makatoni, onsewa fodya wawo ali kale pamphuno, ena ayetsemula kale. Pa mzere wonsewu munthu mmodzi yekha ndi amene wavomera kuyenda chala chili m'mwamba pakati pa msewu, ndipo ndi yemweyo amene wagwira ntchito yambiri.

Koma tsiku lokasiya katundu limakoma, musanamizidwe. Mabotolo 24 andandalikidwa, mayi wajambula chithunzi, wachiika pa WhatsApp ndi mawu akuti tsopano tikupezeka m'sitolo. Madzulo ake foni yayamba kulira. Achimwene a kumudzi akumbukira kuti mwana wawo sanalipiridwe fizi. Apongozi denga likudontha. Kumpingo amuika m'komiti ya chitukuko. Anthu onsewa aona fodya pachala ndipo abwera ndi mphuno zawo.

Pakatha sabata ziwiri mayi akubwerera kukaona mmene zikuyendera, ndipo mabotolo ake sakuwaona. Akuwapeza pambuyo pake, pashelefu ya pansi penipeni, pafupi ndi tsache ndi polishi, malo oti wogula awaone pokhapokha ndalama yake itagwa. Pamwamba, molunjika maso, pakhala chiponde cha ku South Africa. Apa ndisamunamizire nkhanza mwini sitolo. Chiponde chakunjacho anachigula ndi ndalama zake, ndiye chikachedwa pashelefu iye sagona tulo. Cha mayiyu chikachedwa, wosagona tulo ali ku Bangwe. Munthu aliyense amayamba wakankha katundu amene wamudyera ndalama.

Tsopano tiyeni ku nkhani yotenga ndalama, chifukwa mphepo yeniyeni imaombera pamenepa.

"Abwana alipo, achimwene?"

"Angotuluka kumene, mayi. Simunakumane nawo pakhomopo?"

Abwana a m'sitolo zoterezi amangotuluka kumene. Ukafika m'mawa sanafike, ukafika masana angotuluka, ukafika madzulo atseka kale buku. Tsiku lokasiya katundu analipo, anakupatsa mpando ndi Fanta. Ukawaimbira foni ali pamaliro. Ukawapeza mwangozi akutsika m'galimoto amakulonjera mwaulemu wonse, kufunsa za ana ndi za mvula, kenako n'kunena kuti mubwere Lachisanu. Sanena kuti Lachisanu la mwezi uti.

Lachisanu lina buku likupezeka. Mabotolo anali 24. Pashelefu patsala 9. Buku likuti agulidwa 11. Mayi sanapite patali ndi sukulu koma akuona kuti anayi asowa. Mnyamata wa pakauntala akuti mwina anasweka, mnzake akuti mwina anthu anaba, poti masiku ano anthu ndi oipa. Mayi akusuzumira kuchipinda cha kuseri kumene antchito amamwera tiyi. Pafupi ndi ketulo pali buledi wodula pakati, ndi botolo la dzina lake, lotsegula, supuni ili chiimire m'katimo. Ulemu wa Chimalawi ndi wovuta. M'malo mofunsa kuti walipira ndani, mayi akufunsa kuti, "Chikukoma koma?" Anyamata akuvomera kuti chikukoma kwambiri, kungoti mchere achepetseko.

Nanga ndalama za 11 aja? Zinalowa m'kabati limodzi ndi za shuga ndi za sopo, ndipo m'mawa mwake zinapita kukaoda mafuta ophikira. Kunena mosapsatira, mayiyu wabwereketsa mpamba kwa munthu wolemera kuposa iye, popanda chiwongoladzanja, popanda chikole, popanda tsiku lobweza. Wa katapila atamva zimenezi akhoza kukomoka. Ndipo mpambawo mayi anautenga ku banki m'khonde, kumene amayi anzake amawerengera chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi, ndipo iwo sangotuluka kumene. Amabwera pakhomo, amakhala pakhonde, mpaka mbale ndi mapoto aziwerenga ndi maso.

Mphepo ina imaomba mwakachetechete ngati chiperoni. Chiponde chikakhalitsa mafuta amayandama pamwamba, chomata chimayamba kusuluka ndi dzuwa la pawindo, fumbi limakuta chivindikiro, ndipo tsiku lothera ntchito limayandikira. Likakwana, mwini sitolo amene sankapezeka uja amakuimbira yekha foni, ndi mayunitsi ake, kuti mudzatenge katundu wanu akutidyera malo.

Ina ndiye kamvuluvulu. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Mitengo ya pashelefu inasintha anthu asanamalize kumvera nkhani pa wailesi. Koma amene anaikiza katundu mu Okutobala, akamadzalandira zake mu Januwale, analandira pa mtengo wa mu Okutobala, ndalama zoti atabwerera nazo kwa wa mabotolo anangomuseka. Ndipo musamati poti sitolo ndi yaikulu ndiye kuti mphepo siifika. Ndani ankaganiza kuti PTC, imene tinakula tikuiona pafupifupi m'tauni iliyonse, ingadzagwe? Mu 2022 inagwa, ndipo ena mwa otsala akudandaula anali omwe ankaiperekera katundu.

Ndiye tisiye kuikiza? Ayi. Fodya sangafike pamphuno osadzera pachala, pokhapokha ufune kuviika nkhope m'thumba. Munthu wopanda dzina, wopanda ndalama zolengezera malonda pa wailesi, sitolo yanzeru singamugule katundu kashi tsiku loyamba. Naye mwini sitolo ali ndi zipsera zake. Anthu anamusiyirapo juwisi amene anafufuma mabotolo n'kuphulika usiku, eni ake osaonekanso. Anamusiyirapo tsabola amene mwezi uno akuwawa moti munthu n'kuitana amake, mwezi wamawa ali zii. Lendi amalipira yekha, magetsi a ESCOM yekha. Malo a pashelefu ndi ndalama, ndipo akakupatsa wakuthandiza ndithu.

Chimene agogo ankachita ndi chakuti ankatsina pang'ono, n'kuchinjiriza chala ndi dzanja linalo. Sankakhuthulira kabotolo konse pachikhatho. Siyani mabotolo 6, osati makatoni 6. Musawonjezere katundu watsopano akale asanalipidwe, ngakhale abwana atalumbira pa manda a amayi awo kuti anthu akumufuna kwambiri. Ngati akumufunadi, ndalama zake zili kuti? Sankhani sitolo zoti mukhoza kufikako wapansi, chifukwa ngongole ya ku Zomba yotsatira pa minibasi imathera m'thumba mwa kondakitala, ndipo ndalama zibwere pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Pitaniko sabata iliyonse ndi kansalu, mupukute fumbi, mutembenuze zomata ziyang'ane anthu, ndipo mnyamata wa pashelefu mumudziwe dzina, poti ndi iye amene amaganiza zoti botolo likhale pamwamba kapena pafupi ndi tsache.

Koposa zonse, lembani. Ife timaona ngati kutulutsa pepala pamaso pa munthu wamkulu ndi kumutukwana, chonsecho iyeyo akamalandira katundu wa makampani akuluakulu amasaina mapepala atatu osadandaula. Pepalalo linene kuti mabotolo ndi angati, mtengo wanu ndi uti, ndalama muzilandira tsiku liti, losweka ndi losowa alipira ndani, komanso kuti katunduyo ndi wanu mpaka atagulidwa. Asaine mwini wake kapena manijala, osati mnyamata amene mwezi wamawa mudzamve kuti anapita ku Joni. Katundu akatha kawiri katatu, limbani mtima munene kuti tsopano muzigula kashi. Akakana, pamsewu womwewo pali sitolo ina.

Kuyambira 2016 takhala tikumva za Buy Malawi, kuti tizigula zopangidwa konkuno, ndipo ena tamvera. Chiponde tagula, tadya, botolo tikusungiramo mchere. Ndalama tinasiya pakauntala panu, inu eni sitolo. Mayi uja waima panjapo kuyambira 9 koloko, ndipo galimoto yanu akuiona pamene mwaiimika kuseri. Tulukani mumulipire.