Tiwaombere m'manja eni mimba

Ku Mbare, ku Mabvuku ndi ku Tafara mumzinda wa Harare, kumene zidzukulu za matchona zikuvinabe gule wamkulu, aliyense amadziwa kuti wa lendi salamula landilodi. Koma alipo a lendi ena amene lamulo limeneli adaliponda kalekale: mabakiteriya a m'matumbo. Akatswiri amati munthu mmodzi amasunga pafupifupi 38 thiliyoni. Salipira ngakhale dola imodzi, za bilu ya magetsi sazidziwa, komabe pa nkhani ya njala ndi kukhuta mawu awo amamveka. Ulemu wanu, mabwana!

Mukadya sadza ya mgaiwa ndi nyemba, gaga ndi makoko zimene mimba yalephera kugaya amazilandira iwo n'kuzisasitsa. Timaasidi totuluka pamenepo timadzutsa mahomoni a GLP-1 ndi PYY, amene amakauza ubongo kuti basi, munthuyu akasambe m'manja. Jekeseni ya Ozempic, imene olemera amaigula ndi ndalama zankhaninkhani kuti aonde, imangotsanzira GLP-1 yemweyo. Athuwa malipiro awo ndi kapu ya nyemba ya pa Mbare Musika. Mukamangowapatsa buledi woyera ndi zakumwa zotsekemera amanyanyala, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo mwayamba kale kuyang'anayang'ana wogulitsa maputi.

Mbiri yawo idaoloka nyanja. Mu 2013 gulu la Jeffrey Gordon, wa ku Washington University mumzinda wa St. Louis, lidaika m'matumbo mwa mbewa mabakiteriya ochokera kwa mapasa, wina wonenepa wina woonda. Mbewa zimene zidalandira a wonenepa zidanenepa. Chaka chomwecho gululo lidaonetsa kuti mabakiteriya a ana a ku Malawi odwala kwashiorkor amaondetsa mbewa zodyetsedwa chakudya cha kumudzi kwathu. Ndani wina ali ndi mphamvu zotere?

Ena amawanyoza chifukwa cha mpweya umene amatulutsa m'kombi yodzaza, mawindo ali chitsekere. Kusayamika kumeneko. Mpweyawo ndi umboni wakuti ali pantchito. Ndipo musawasokoneze ndi abale awo a kolera amene adaliza Budiriro mu 2008 ndi Glen View mu 2018. Amenewo sitiwapatsa moni.

Ndiye amayi, madzi a pachitsime wiritsani, koma chimanga musakonole mpaka mbee. Awonjezereni mahewu, chambiko ndi chibwabwa, akhute mabwanawa.