Liwiro Likoma Likagonera

Akuluakulu anati mawu awo akoma akagonera. Anaiwala kutiuza kuti nalo liwiro la njinga yamoto limatero.

Ku Ulaya kuli anthu osonkhanitsa zithunzi za mipikisano yakale ya njinga zamoto. Chithunzi chopanda mtundu, chachimbuuzi, amachisindikiza pa pepala lochindikala, n'kulemba ndi pensulo m'munsi mwake kuti 7/50. Ndiye kuti dziko lonse lapansi zilipo 50 zokha. Zikachepa, mtengo umapenga. Wogula amakachipachika pabalaza, alendo n'kumagwedeza mitu mwaulemu.

Nanga pazithunzipo pamakhala ndani? Anthu onga Charlie Collier, mmodzi wa opambana pa mpikisano woyamba wa TT pachilumba cha Isle of Man mu 1907. Anakwera Matchless, ndipo liwiro lake linali pafupifupi makilomita 61 pa ola. Msewu unali wafumbi, helemeti kunalibe, njingayo inali ndi mapedulo kuti injini ikafooka pachitunda, mwiniwake azipalasa. Abale anzanga, ameneyu si wakabaza?

Taimani pamsika wa Zomba m'mawa. Mnyamata wa njinga yamoto ya Lifo wakweza mayi, mwana ali kumsana, thumba la makala lili chopingasa, nkhuku ziwiri zikulendewera, ulendo wa ku Chinamwali. Wina akutsika phiri kuchokera ku Ku Chawe, m'makona muja, injini atazimitsa kuti mafuta atsaleko a masana. Collier anali yekha panjinga. Panalibe womutsina m'nthiti n'kumukuwira kuti, "Achimwene, pang'onopang'ono, ndili ndi ana ine!" Komabe wathuyu timamutukwana akatidutsa, ndipo akaona apolisi apamsewu amakhotera m'chimanga. Wa Matchless wagonera zaka zoposa 100, walowa m'galasi. Wa Lifo ndi wa lero lomwe, akadali mlandu.

Zogonera ife a ku Zomba timazidziwa. Likulu linatithawa mu 1975, koma nyumba za atsamunda zodontha madenga alendo amazijambulabe mpaka batire kutha. Nayo National Archives ili konkuno. Tikanakhala ochenjera, bwenzi tikujambula anyamatawa lero, tisindikize 50 zokha, tisunge m'sutukesi, adzukulu adzagulitse ku London.

Vuto n'lakuti kwathu kuno chinthu sichigonera mwamtendere. Chithunzi cha pafoni chimafufutidwa tsiku lomwe foni yadzaza ndi mavidiyo a ukwati wa msuweni. Cha papepala chikapulumuka ku chinyezi cha m'phiri, chiswe chimachilandira ndi manja awiri. Chikapulumukanso apo, mwana amachidula kuti amate mu kope la kusukulu.

Ndiponso yesani kumufotokozera wakabazayo kuti mu 2126 adzatchuka. Akuyang'anani kuyambira kumapazi, agwedeze thanki kuti amve ngati muli kanthu, kenako akuuzeni kuti kujambula ndi kwaulere, koma nthawi imene mwamuimikayi mulipira.