Kapentedwe ka Injini Koti Muzibwereza Mwezi ndi Mwezi

Penti wokhalitsa ndi woopsa, achimwene, kungoti ambiri sadziwa. Bambo amene wapenta injini ya galimoto yake mwaluso, penti n'kugwira zaka zisanu, amatsala ndi Loweruka lopanda chochita, ndipo Loweruka lotere silichedwa kupezeredwa ntchito: mpanda wagwa, kuli chinkhoswe cha mwana wa azakhali, apongozi akudandaula kuti simuoneka. Malangizo ano abwera kudzakutchinjirizani. Mukawatsata mokhulupirika, penti wanu adzasupuka mwezi usanathe, ndipo palibe adzakuchotseni pansi pa boneti.

Nkhani imayambira muhadiweya. Pali zitini za penti wopopera mageti ndi mipando, ndiye pali zina zodula zopangira injini, monga za Dupli-Color ndi Rust-Oleum, zolembedwa kuti zimapirira kutentha kwa madigiri 260. Palinso VHT FlameProof, wa ekizozi, amene amafika pa 1,093. Manambala amenewo musawayang'ane, ndi a anthu okonda masamu. Zoona, madzi a mu injini amazungulira pa madigiri 90, ndipo manifodi ya ekizozi imatha kupitirira 600 mukamakwera Chiweta mutanyamula matumba a mpunga. Koma wa geti uja ndi wotchipa, ndipo ali ndi ubwino wake: pa manifodi amafuka utsi tsiku loyamba lomwelo, anthu apamsewu n'kumakubayibitsani mwachikondi, ena mpaka kukuthamangirani ndi ndowa za madzi.

Mtundu wake sankhani siliva. Wina akakunenani kuti ndi zachimidzi, muuzeni kuti chitini choyamba cha penti wopopera, chimene Edward Seymour anapanga ku Illinois mu 1949, chinali cha mtundu wa aluminiyamu. Inu mukusunga mwambo.

Tsopano pakutsuka, apa ndi pamene ambiri amasochera, n'kupezeka kuti apenta zokhalitsa mwangozi. Pali anthu ena osowa zochita amene amamasula tapeti kava, n'kuikwecha ndi mankhwala ochotsa girizi, kuitsukuluza, kuiumitsa, kuipala ndi sandipepa wa nambala 320 kapena 400 mpaka dzimbiri ndi penti wakale zitachoka, kenako kuipukuta ndi thinala pa nsalu yoyera. Akatero saigwiranso ndi manja, amavala magolovesi. Tsiku lonse limathera pamenepo, chitini asanachikhudze n'komwe. Mukawafunsa amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Inu mwabwera kudzaona maso a nkhono kapena kudzapenta injini? Tengani kansanza kaja mumapukutira dipusitiki, munyike mu dizilo kapena palafini, mupukute kawiri. Ziwirizi zimasiya timafuta pachitsulo, ndipo penti akakumana ndi mafuta amathawa, n'kusiya timaenje tozungulira paliponse. Timaenjeto tikachepa, dyani kaye tchipisi cha pachiwaya, kenako musisite chitsulocho ndi chikhatho poona ngati chili chosalala.

Za primer musamve n'komwe. Injini zambiri za timagalimoto tochokera ku Japan, ma Vitz ndi ma Sienta awa, ndi za aluminiyamu, ndipo penti sagwira bwino pa aluminiyamu pokhapokha mutayamba mwapoperapo primer wokhala ndi asidi pang'ono, amene amaluma chitsulocho. Ndi chitini chachiwiri chimenecho, ndalama yoti mukanagula mayunitsi.

Musamasule kalikonse. Nyuzipepala ndi tepi zotchingira malo osafunika penti zisiyeni m'nyumba. Imani kutsogolo kwa galimoto, mupopere zonse mofanana, mopanda tsankho: mawaya, mapaipi a rabala, lamba wa fani, alternator, mapulagi. Pali malo ena pamene chingwe cha batire chimamangidwa ku injini ndi bawuti kuti magetsi azibwerera. Amenewo okha mumasule dala, mupopere mokwanira, mumangenso. Penti salola magetsi kudutsa, choncho m'mawa mwake sitata idzangoti ke, ke, ke. Mudzagula batire yatsopano, kenako sitata, kenako mudzayamba kukayikira aneba. Nambala ya injini nayo muikwirire ndithu. Anthu a ku Road Traffic amakhala osungulumwa, ndipo tsiku la COF adzasangalala kucheza nanu nthawi yaitali pamene mukukanda chitsulo ndi kiyi wa kunyumba.

Ngati mwakakamira kumasula tapeti kava, chabwino, koma mupente ndi m'kati momwe, komanso m'mphepete mokhala gasiketi. Wa m'mphepeteyo adzathandiza oilo kupeza potulukira. Wa m'katiyo adzasupuka ndi oilo wotentha, n'kutsikira kunsi kukatseka kasefa ka pampu. Amakaniko anu nawonso ali ndi ana a sukulu.

Nyengo zabwino zopentera zilipo zitatu. Yoyamba ndi m'mawa wa chiperoni mu Julaye, pamene chinyezi chimasandutsa penti wonyezimira kukhala wotuwa. Yachiwiri ndi masana a Okutobala, galimoto itaima padzuwa, penti n'kumaumira m'malere asanafike pachitsulo, kamvuluvulu n'kudzamalizitsa ndi fumbi lake. Yachitatu, imene ine ndimaikonda, ndi usiku wa mvula yoyamba, mutapachika babu pa boneti. Ngumbi zimabwera zokha, ndipo palibe fakitale padziko lapansi imene ingakupatseni maluwa otere.

Pachitini pamalembedwa kuti mukhutchumule kwa mphindi imodzi kapena ziwiri kanjere ka m'katimo katayamba kulira, muime masentimita 20 mpaka 30, mupopere mopyapyala kawiri, kachitatu monenepako, mukudikira mphindi 10 pakati. Analemba zimenezo ndi munthu amene alibe kopita. Gwedezani katatu, yandikirani mpaka chala chinyowe, musasunthe dzanja kufikira penti atayamba kulira misozi. Misoziyo ndi umboni woti simunaumire. Zitini zina zimachenjezanso kuti kubwereza konse kuthe mu ola limodzi, apo ayi mudikire masiku 7. Inu bwerezani mawa lake. Penti watsopano adzafewetsa wa dzulo, zonse n'kuchita makwinya. Musadandaule: Honda inkaika dala tapeti kava yofiira ya makwinya pa injini za Type R, ndipo anthu amalipira ndalama zambiri. Kusiyana kwake n'koti makwinya a Honda satsalira kuchala.

Chitseko cha galaja chikhale chotseka, kuopa fumbi ndi maso a anthu. Kamasiki kansalu kaja kanatsala mu 2020 kavaleni kuti mtima ukhale pansi, ngakhale mpweya wa thinala umadutsa osagogoda. Ngati mwapeza penti wa 2K, wosakaniza ndi cholimbitsira chake, dziwani kuti muli mankhwala a isocyanate amene amatha kumusiya munthu ndi mphumu ya moyo wonse. A ntchito yeniyeni amavala chigoba cholandira mpweya wabwino kudzera m'paipi. Inu mutu ukayamba kuzungulira, muziti ndi chisangalalo.

Chatsala ndi kuumitsa. Penti wa injini amalimba kwenikweni akaphikidwa. Wa VHT amati ola limodzi pa madigiri 93. Wa ekizozi amafuna mwambo wake: injini ilire pamalo mphindi 10, izizire 20, ilirenso 20, izizirenso 20, kenako muyende mphindi 30. Asanaphikidwe chonchi, dontho limodzi la petulo limamusungunula. Anthu anzeru amasaka uvuni wakale woti sudzaonanso chakudya. Wa kukhitchini uli pafupi, koma masikono a mwezi wonse adzamveka thinala, ndipo mlanduwo sudzathera pa ankhoswe amodzi. Mbaula ndiye ayi, ngakhale ine ndikukanizani, pokhapokha ngati nsidze zanu mwatopa nazo. Njira yachidule ndi kungotseka boneti penti akadali wonyowa, n'kuuyamba wa ku Salima.

Tsiku lina mudzafuna kuigulitsa galimotoyo, ndipo wogula adzabwera ndi makaniko wake, mkulu wosalankhulalankhula. Adzatsegula boneti, adzakanda ndi chikhadabo, siliva adzatuluka ngati khoko la mbatata yowotcha, pansi pake padzaoneka girizi wa zaka khumi. Sadzanena kanthu, adzangonong'oneza bwana wake, mtengo n'kutsika. Akakufunsani chifukwa chake chisa cha mavu chili kuseri kwa batire nachonso ndi chasiliva, musachite chibwibwi. Muwauze kuti inabwera choncho kuchokera ku Japan.