Dimba n'la eni, Mazda ndi yathu

Marichi akamapita kumapeto, msewu wochoka ku Harare kulowera ku Chirundu umanunkha utsi wa m'mabalani a fodya ndi mondokwa wootcha. Mvula imakhala ikutsanzika, udzu wafika m'khosi, ndipo malole odzaza mabelo amayenda usiku wonse kuthamangira ku okushoni. Pafupi ndi Banket, pomwe nkhokwe zazitali za GMB zimaonekera munthu akadali kutali, pali malo ena amene kamsewu kafumbi kochokera m'mafamu kamakumana ndi tala. Pamenepo amayi amayala malonda awo pa masaka: maungu, mtedza wophika, nzama, therere, misale, timitolo ta nkhwani. Wogula akaima amamulankhula Chishona. Akangochoka amabwerera ku Chichewa, chija chosakanikirana ndi mawu a kuno koma chomveka bwinobwino kwa munthu wa ku Dedza kapena ku Ntcheu.

Ndidaima pamenepo kudikira galimoto ya ku Chinhoyi. Pansi pa bulugama padali pikiapu ya Mazda B1600, zija zinkamangidwa ku Willowvale mu Harare, yoyera kale koma tsopano yofiirira ndi dothi. Boneti adachirikiza ndi mpini wa khasu. Kumbuyo kudali maungu mpaka pamwamba, ndi matumba awiri a mtedza wosasenda. Mdala wa imvi mbuu adaweramira mu injini. Mwana wake, bambo wa zaka za m'ma 30, adaima pambali foni ili m'manja, ndipo mayi wa pabanjapo adakhala pa thumba akutembenuza mondokwa pa mbaula.

"Ababa, tavutika mokwana," adatero mwanayo. "Sabata yatha tidakankha kuchokera ku damu. Lero ndi izi. Maungu awa akadafika kale ku Chinhoyi msika usanadzaze."

"Ndi kabuleta chabe. Yamwa fumbi."

Mdalayo sadadzutse mutu. Adazula kapaipi ka petulo, adayamwa ndi pakamwa mpaka mafuta atabwera, adalavula pambali, n'kukabwezera. Polumikizira adakulungapo mphira wodula ku chubu chakale, adakoka ndi mano kuti ulimbe. Zala zake zinkapeza nati iliyonse maso asanaione.

"Chaka chino fodya wanga wachita bwino," mwanayo adapitiriza. "Ndikagulitsa mabelo, n'kuphatikiza kangachepe komwe tingapeze pa chiphapha ichi, tigula Honda Fit. Ndizinyamula anthu pakati pa Banket ndi Chinhoyi, dola izilowa tsiku lililonse."

"Fit inyamula maungu?"

"Inyamula anthu, ababa. Anthu alipo chaka chonse. Maungu ndi a miyezi iwiri."

Maganizo a mnyamatayo si achilendo kuno. Msika wa fodya ukatsegulidwa m'Marichi, ogulitsa magalimoto ochokera ku Japan amadziwa kuti nyengo yawo yafika. Mu 2023 Zimbabwe idagulitsa fodya wokwana makilogalamu pafupifupi 296 miliyoni, wambiri mwa iye wolimidwa ndi alimi ang'onoang'ono, ndipo ndalama ina ya fodyayo idasanduka ma Honda Fit, ma Toyota Wish ndi ma Probox amene amadzaza misewu ya ku Karoi, Mvurwi ndi Bindura. Ambiri amagwira ntchito ya mushikashika, kunyamula anthu popanda chilolezo, asanu ndi awiri kapena kuposa m'kagalimoto ka anthu asanu, dalaivala diso lili kwa apolisi. Kuyambira 2021 boma lidatsekera magalimoto opitirira zaka 10 kulowa m'dziko, choncho Fit yotsika mtengo imene mnyamata ngati uyu angakwanitse ndi yomwe yadutsa kale m'manja mwa anthu awiri kapena atatu, yatopa kale ndi maenje.

Koma mawu amene adandigwira ndi akuti "fodya wanga". Ndidamva pambuyo pake, pamene ankawerengera mayi ake ndalama yomwe akuyembekeza, kuti hekitala yomwe adalimapo ndi yobwereka kwa mlimi wina amene adalandira malo, balani ndi ya mwini famu, ndipo nambala ya mlimi, ija munthu amalembetsa ku TIMB kuti agulitse fodya, ndi ya mnzake wa ku tchalitchi. Aliyense mwa atatuwo adyapo gawo lake ndalama isanafike m'thumba mwa amene adagona ku balani kusonkhezera moto usiku.

Anthu a kumudzi kwathu akamva za abale a ku Zimbabwe amaganiza za matchona amene adaiwala kwawo chifukwa cha moyo wabwino wa ku Halale. Nkhani ya m'makomboni a m'mafamu ndi ina. Makolo a anthuwa adabwera wapansi kudzera ku Tete, ena pa malole a Ulere, ena atalembedwa ndi Mthandizi, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa mu 1946 kuti lizisakira mafamu a azungu anthu antchito. M'zaka za chitaganya, 1953 mpaka 1963, njira imeneyi idapondeka kwambiri. Azungu ankakonda anthu a ku Nyasaland chifukwa adalibe mudzi pafupi wothawirako nthawi ya dzinja. Ana adabadwira m'komboni, adakulira m'shedi yosankhira fodya, adaika makolo awo kumanda a pa famu. Kumaliro Gule Wamkulu amatuluka mpaka lero, ndipo Alick Macheso, mwana wa m'mafamu a ku Shamva, adafikitsa Chichewa pa wailesi ya dziko lino. Koma munthu wa m'komboni analibe mfumu yomugawira munda, ndipo pa chitupa chake padalembedwa kuti ndi mlendo.

Pamene minda idayamba kulandidwa m'chaka cha 2000, antchito a m'mafamu adali oposa 300,000, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse adali wa mtundu wa ku Malawi, Mozambique kapena Zambia. Ine sindili m'gulu la olira mafamu a azungu. Nthaka imeneyi idalandidwa kwa eni ake ndi mfuti, lamulo la 1930 lidasindikiza kubako, ndipo kuibweza kudali koyenera. Chimene chimandiwawa n'chakuti amene adaigwirira ntchito zaka zonsezo adatsala panja. Kafukufuku wa Lloyd Sachikonye wa 2003 adapeza kuti osakwana asanu pa antchito 100 alionse ndiwo adalandira malo. Otsalawo adapezeka akukhala m'nyumba zomwe adabadwiramo koma tsopano mwa chifundo cha mwini watsopano, lendi yake ndi ganyu.

Mayi uja adakhala chete nthawi yonseyi. Atagulitsa mondokwa awiri kwa dalaivala wa thiraki, adamanga ndalama pa nsonga ya chitenje, n'kulankhula asakuyang'ana aliyense.

"Inu nonse mukukamba za matayala. Nanga tikagona kuti akatithamangitsa?"

"Ndani wanena zothamangitsa, amayi?"

"Mwana wa bwana adabwera Lachitatu ndi anthu oyeza. Adayeza kuchokera ku damu mpaka ku chulu. Dimba langa lili pakati pomwepo. Akuti akufuna kudzala mbatatesi yothirira."

Dimbalo ndidalimva lonse m'kamwa mwake, chifukwa adaliwerenga mzere ndi mzere mwana wake akumva. Kumtunda kuli chimanga, adadzala m'maenje, maungu akuyanga pansi pake ndi khobwe m'mbali. Pakati pali mtedza ndi nzama. Kumunsi konyowa kuli mbatata, yomwe akumba mu Meyi, ndi malo a repu ndi tomato wa m'chilimwe. Manyowa adatuta ndi Mazda yomweyi kuchokera ku khola la famu yoyandikana, zaka ndi zaka, mpaka dothi lomwe lidali louma gwa lidayamba kufewa ndi kuda. Sabata ino padenga la nyumba yake pali chitambe ndi nkhwani zofutsa, pa mkeka pali therere lodula. Mfutso umenewo ndi womwe udzakhale ndiwo mu Okutobala. Adakumbutsa za 2024, pamene mvula idadula m'Febuluwale chimanga cha kumunda n'kupserera, boma n'kulengeza kuti dziko lili pa ngozi ya chilala. Chaka chimenecho banja lidadya za m'dimba lomweli, chifukwa chinyezi cha damu sichidathe.

"Malipiro ake ndidapereka," adatero. "Ndidapalira chimanga chawo, ndidasankha fodya wawo. Koma pepala palibe. Mlendo ndi mame, atate ake a mwana. Ndalama ya fodyayo tiyambe nayo kulipira sitandi m'tauni, ngakhale kachipinda kamodzi, bola pakhale dzina lathu."

Apa mpamene mdala adatulutsa mutu m'boneti. Adapukuta manja pa ovolosi, adatsegula chitseko pokoka waya womwe udalowa m'malo mwa chogwirira, n'kutulutsa kapepala ka pulasitiki ka shuga kokulunga kawiri. M'kati mudali kabuku ka galimoto, kothimbirira m'mapindiro. Adakatambasula pa chitseko.

"Dzina lathu lilipo. Werenga apa."

Mwanayo sadawerenge, ankadziwa kale.

"Ndidayendetsa thirakitala ndi lole pa famu iyi kuyambira ndili mnyamata. Mu 2002 mzungu akunyamuka, lamulo lidati atilipire. Anzanga adalandira ndalama, chaka chisanathe idasanduka mapepala. Ine ndidati ndipatseni pikiapu. Ndidapita ndekha kukasinthitsa dzina. Nthawi imeneyo chitupa changa chinkati ndine mlendo, kuvota adandiletsa, munda adandimana. Koma apa adalemba dzina langa ndi la bambo anga, osafunsa kuti kwanu n'kuti."

Zimene ankanenazo zidachitikira anthu ambiri. Lamulo la unzika la 2001 lidafuna kuti aliyense amene makolo ake adabadwira kunja akakane unzika wa dziko linalo, dziko lomwe ambiri sadalipondepo, ndipo amene sadathe kutero adataya ufulu wawo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 adabwezera unzika kwa obadwira mu Zimbabwe amene kholo lawo lidachokera m'maiko a SADC. Koma kusintha chitupa kumafuna kalata ya kubadwa, ndipo ana ambiri a m'komboni adabadwira m'nyumba, kwa azamba, popanda wolemba. Alipo agogo amene alibe pepala lililonse, ana awo alibenso, adzukulu n'kuvutika polembetsa mayeso a Giredi 7.

"Galimoto iyi idanyamula maliro a agogo ako," mdalayo adatero. "Idanyamula mkazi wako usiku kupita ku chipatala, mwana wako uja adabadwa chifukwa cha iyo. Mu 2008 m'masitolo mulibe kanthu, idatenga maungu kupita nawo ku Chinhoyi n'kubwera ndi sopo ndi mchere. Ndipo tsiku lomwe amayi akowa akunenalo likafika, malata ndi mapoto tidzakweza pa chiyani? Pa Fit?"

Palibe adayankha. Mayi wina wa pa thumba loyandikana adangoti, "Zoona, madala."

Ine mtima wanga uli kwa mayiyo. Fit ya mushikashika ikhoza kudyetsa banja, koma ikhozanso kutha tsiku limodzi, kaya pa ngozi, kaya yagwidwa, kaya giya bokosi yafa, ndipo ikafa siikonzeka ndi mphira wa chubu pansi pa mtengo. Sitandi siibweretsa dola madzulo, koma mwana wa bwana sangabwere kudzaiyeza. Komabe sindingamunene mnyamatayo kuti ndi wopupuluma. Iye waona bambo ake akukalamba pa famu ya eni, waona mayi ake akunenepetsa dothi lomwe ena adzadzalapo mbatatesi, ndipo akufuna ntchito yomwe sayamba wapempha kwa mwini malo. Atatu onsewo akusaka chinthu chomwe munthu wina sangawalande ndi mawu a pakamwa, ndipo ndalama ya hekitala imodzi yobwereka singagule zonse zitatu. Banja lomwe lalima nthaka ya Mashonaland mibadwo itatu siliyenera kumakangana pamsewu kuti ligule denga kapena ntchito. Nkhani ya malo a anthu a m'makomboni ili m'manja mwa boma ndi makhonsolo, ndipo yakhala ikudikira kuyambira 2000.

Mwanayo adaika foni m'thumba.

"Ndiye tichite chonchi. Mazda isagulitsidwe. Koma ababa, mundilole ndigule kabuleta ina ndi matayala awiri, chifukwa awa waya ali pamtunda. Yotsalayo amayi asunge mpaka fodya yense atagulitsidwa, tidzaone kuti yakwana zingati."

"Kabuleta iyi ilibe vuto."

"Atate ake a mwana, mlekeni agule," adatero mayiyo.

Mdalayo adakulunga kabuku kaja, adakabwezera m'malo mwake, adachotsa mpini n'kutseka boneti. Adakhala pa chiwongolero, adaika giya yachiwiri, n'kutulutsa dzanja pa windo. Mwana wake ndi anyamata awiri ogulitsa misale adakankha kutsetserekera ku tala. Idatsokomola kawiri, kachitatu idalira, utsi wakuda phu. Mwanayo adathamanga n'kudumphira pakati pa maungu.

Mayiyo adaimirira, adakuwa galimoto ikulowa mumsewu.

"Aakuluwo musagulitse pansi pa dola! Ndipo mukadutse ku khonsolo, mukafunse kuti mndandanda wa masitandi amalembetsa tsiku lanji!"